Buku Limene Ndinadula Patatu

Chaka cha 1985 ndinali ndi zaka makumi atatu ndi zitatu. Ndinali telala pa khonde la sitolo ina pa Lisungwi, ndipo palibe anganene kuti thalauza losoka ine linamung'ambikirapo pagulu. Anabwera kudzanditenga Lachiwiri m'mawa, sabata yachiwiri ya Malichi, ndikupinda mpendero wa diresi la mwana wa sukulu. Anali awiri, ovala ngati anthu wamba, koma nsapato zawo zinali za boma. Mmodzi anaika dzanja pa gudumu la makina kuti aime.

"Atelala, akukufunani kuboma."

"Ndimalize kaye mpenderowu."

"Adzamaliza ena."

Ndinadula ulusi, ndinaphimba makina monga mwa masiku onse, n'kukwera galimoto yawo. Diresi lija sindidziwa analimaliza ndani.

Ndiyambe ndanena za mabuku, chifukwa mlandu unachokera kumeneko.

Sukulu ndinalekezera Sitandade 5 kwathu ku Dambe. Chichewa ndimawerenga bwino, ndipo izi ndikulemba ndekha. Chingerezi ndinkadziwa cha pa zikwangwani ndi cha pa mapaketi a singano basi. Koma nkhani ndinkazikonda ngati mmene ena amakondera mowa. Amuna obwera ku Joni ndi madalaivala a malole ankasiya mabuku pa Lisungwi. Panali timabuku ta zithunzi, momwe mawu amatuluka m'kamwa mwa munthu ngati utsi, ndiponso manovelo okhuthala a zigawenga, akazitape ndi apolisi a kumaiko ozizira. Ambiri ankafika masamba atathothoka, ndiye eni ake ankabwera nawo kwa ine kuti ndiwasoke. Buku lililonse losoka ine linkayamba lagona kwathu sabata imodzi.

Ta zithunzi ndinkatimva ndekha. Munthu akalandira chibakera pa chithunzi sufuna womasulira. Manovelo ndiwo ankandikanika. Amene ankandiwerengera anali alamu anga, mwamuna wa mlongo wanga, mphunzitsi wa pulayimale kutsidya kwa mtsinje. Nkhoswe ya ukwati wawo ndinali ine. Loweruka lililonse masana ankabwera pa njinga, tinkakhala kuseri kwa sitolo pa mthunzi wa mtengo wa masau, iwo n'kumawerenga Chingerezi m'maso koma pakamwa pakutuluka Chichewa. Ankasintha mawu. Chigawenga ankachiyankhulitsa ndi mawu a pakhosi, mkazi wa bwana ndi mawu a m'mphuno. Mwini sitolo nthawi zina ankasiya kauntala n'kudzaima pa khomo, amvekere, "Aphunzitsi, bwerezani pamene anadumpha m'sitima paja."

Masiku enawo buku ndinkaliika chotsegula pambali pa makina. Makasitomala ankanena kuti atelala athu ndi ophunzira, amawerenga mabuku a azungu. Sindinawatsutsepo.

Alamu ankadziwa zimenezi. Tsiku lina anandiuza kuti, "Alamu, mizere isanu pa tsiku basi. Pofika masika muziwerenga nokha."

Ndinati, "Ine si mwana wa m'kalasi mwanu, aphunzitsi. Singano sidikira."

Anaseka, ndipo sanabwerezenso.

Tinali ndi kachitidwe kathu. Buku likakhala lokhuthala ndinkalidula ndi lezala kumsana, magawo atatu, kuti anthu atatu aziwerenga nthawi imodzi komanso lizilowa m'thumba la malaya. Gawo lililonse ndinkaliveka chikuto cha katoni, pamwamba pake n'kusokerapo kachidutswa ka nsalu yotsala kwa makasitomala. Sitinkatchula mabuku ndi maina. Tinkati la khaki, la maluwa ofiira, la yunifolomu ya sukulu.

Mu Febuluwale chaka chimenecho kunabwera buku lopanda chikuto chake, mutu wake utang'ambika kale. Inali nkhani ya wophika m'nyumba ya bwanamkubwa wa pachilumba china. Zigawenga zinamubera mwana, n'kumupatsa kabotolo ka poizoni kuti athire mu supu ya bwana wakeyo ngati akufuna kuonanso mwanayo. Ndinalidula patatu. Mwezi womwewo ndinali nditasoka zovala zambiri za amayi ovina pa msonkhano wa chipani, za nsalu ija yokhala ndi nkhope ya mkulu wa dziko. Telala aliyense ankadziwa lamulo, ngakhale silinalembedwe: sizasi imazungulira nkhope, siidutsa pakati. Ukalakwitsa, kachidutswako unkakatentha mwakachetechete. Ine ndinalakwitsa kamodzi, ndipo sindinatenthe. Nsalu sinditaya, ndi mmene ndinaphunzirira ntchito. Ndinakatembenuza kachidutswako, nkhope n'kuyang'ana m'kati, ndipo ndinavekera gawo lachiwiri. Ndinadziona wochenjera.

Tinamaliza gawo lachiwiri Loweruka loyamba la Malichi. Linathera pamene wophika uja waima pa mphika, kabotolo kali m'manja, chotsekera wachotsa kale. Ndinawapempha alamu kuti tipitirire pomwepo. Anakana. Anati gawo lachitatu apita nalo kunyumba akaliwerenge kaye okha, kuti adzamasulire bwino.

"Mugone nayo njalayo, alamu," anatero akukwera njinga.

Lachinayi lake mayi wina, mkazi wa mkulu wina wa chipani, anabwera kudzayesa bulauzi. Podikira anatola gawo lachiwiri pambali pa makina. Chikuto chinali chitasomphoka pakona. Anasuzumira m'kati, anaona theka la nkhope, msoko wanga utadutsa pakhosi penipeni. Anabweza buku pamalo pake, anayesa bulauzi, anati ndi yothina m'khwapa, napita.

Kuboma anandiika m'chipinda chopanda zenera. Mafunso anali atatu, omwewomwewo tsiku ndi tsiku. Anakuuza ndani kudula nkhope? Buku lophunzitsa kupha mtsogoleri unalitenga kuti? Gawo lachitatu lili ndi ndani?

Funso lachitatu ndi limene ankalikonda. Wofunsayo anali wamfupi, wa ndevu za pamlomo, ndipo masamu ake anali achidule.

"Buku lodula patatu, ndiye kuti mulipo atatu. Iwe ndi mmodzi. Awiriwo ndani?"

"Ndili ndekha, bwana. Buku ndi langa, ndimawerenga ndekha."

"Nanga gawo lachitatu?"

"Ndinapichirira fodya."

"Fodya wako ndi wophunzira, eti?"

Zimene ankachita pakati pa funso ndi funso sindizilemba zonse. Mano awiri anatsala m'chipinda chimenecho. Atakumbukira kuti ndine telala, anaikira mtima kwambiri pa dzanja lamanja. Masiku asanu ndi atatu ndinayankha chimodzimodzi. Ndikulemba izi osati kuti munditame, koma kuti mudziwe kuti chimene chinandigwetsa sichinali ndodo.

Tsiku lachisanu ndi chinayi, Lachitatu, anandilowetsa mu ofesi ina, ya zenera ndi makatani. Munali bambo wachikulire wa magalasi amene ndinali ndisanamuonepo. Anandipatsa mpando. Anaitanitsa tiyi wamkaka.

"Bambo, anyamatawa akuvutitsani. Pepani. Mwati mumawerenga nokha?"

"Inde, bwana."

Anatsegula gawo lachiwiri pakati, n'kuliika patsogolo panga. "Tandiwerengereni pang'ono. Inenso ndimakonda nkhani."

Liwu loyamba ndinalidziwa. Lachiwirinso. Lachitatu linali lalitali, ndipo ndinaima pakati pake ngati ngolo m'matope. Ndinabwerera, ndinayesanso. Bambo uja anadzuka, anatsegula chitseko, n'kuitana apolisi achinyamata awiri ndi mtsikana wotaipa makalata.

"Tabwerani mudzamve Chingerezi cha ku Lisungwi. Yambiraninso, bambo."

Ndinayambiranso. Mtsikana uja anaseka mpaka kugwira khoma. Anali wamng'ono kwa mlongo wanga. Wapolisi mmodzi anati, "Ameneyu ndiye wogwetsa boma? Buku ankangoligwira ngati nyani watola wailesi."

Ndinati, "Nkhani yonse ili m'bukumo ndikuidziwa. Funsani paliponse." Ndipo ndinayamba kufotokoza, kuchokera tsiku limene mwana anabedwa pa msika wa nsomba mpaka pa kabotolo, osadumpha kanthu, mawu a pakhosi ndi a m'mphuno omwe. Kuseka kunatha. Ndinaona kuti akumvetsera, ndipo zinandikomera.

Nditamaliza, bambo wa magalasi anagwedeza mutu. "Mwaifotokoza bwino zedi. Anakumasulirani ndi munthu wodziwa Chingerezi."

Ndinayang'ana achinyamata aja n'kunena kuti, "Ndi mphunzitsi weniweni, osati ana awa."

"Mphunzitsi wa kuti?"

Pamenepo ndinadziwa chimene ndachita. Ndikanatha kukhala chete, kubwerera m'chipinda chopanda zenera. Mwina akanawapezabe, pakuti aphunzitsi obwera pa khonde langa sanali ambiri. Ndadziuza zimenezi zaka zambiri. Koma zoona zake n'zakuti anandifunsa kachiwiri, mofatsa, tiyi ali m'manja mwanga, ndipo ndinatchula sukulu ndi dzina. Tsiku limenelo palibe anandimenya.

Mlandu sunazengedwe. Mu Epulo ananditumiza ku ndende ina yaikulu, imene sindiitchula. M'selo mwathu tinali ambiri moti potembenuka tinkatembenukira limodzi. Ankatitsekera dzuwa likadali pamwamba, ndipo kuchokera pamenepo mpaka kugona panalibe chochita. Nyapala wa selo yathu, mkaidi amene ankayang'anira anzake, anandifunsa tsiku loyamba kuti ndinalakwa chiyani.

"Buku."

"La Mulungu kapena la ndale?"

"La wophika."

"Ndiye tiuze, timve chimene boma likuopa."

Ndinawauza masana asanu otsatizana. Nditafika pa mphika paja ndinaima.

"Ndiye anathira?" anafunsa nyapala.

"Sindidziwa. Anandimanga tisanafike."

Panatsala pang'ono kuti andimenye. Selo inagawikana pawiri. Ena anati bambo aliyense angathire, mwana ndi mwana. Ena anati wophika amene wadya m'nyumba ya munthu zaka makumi awiri sangatero. Mkulu wina wa mpingo, amene anamangidwa chifukwa chokana khadi la chipani, anati funso si la supu koma la moyo wa wophikayo, ndipo anzathu anamuuza kuti agone. Kenako msilikali wa ndende amene ankamvetsera kuseri kwa chitseko anamenya chitsulo ndi ndodo.

"Telala, mawa ukapanda kumaliza nkhani imeneyo sudya."

Ndinayamba kupeka mathero. Sabata ina wophika ankathira, sabata ina ankamwa yekha, sabata ina poizoni ankapezeka kuti ndi madzi. Atatopa nayo ndinawauza za m'mabuku ena onse a pansi pa masau paja, ndi za m'timabuku ta zithunzi, ndikujambula pa simenti ndi kakhala. Chifukwa cha nkhanizo anandipatsa malo akutali ndi ndowa ya chimbudzi. Asilikali ankandionjezera nyemba. Akaidi anzanga ankati Mulungu anawatumizira munthu wowerenga kwambiri. Apanso sindinatsutse. Ndinapulumuka ndi nkhani za alamu anga, mawu awo ndi kasinthidwe kawo komwe.

Alamu ndinawaona kamodzi kokha, mu Okutobala 1986. Anali mbali ina ya ndende yomweyo, ndipo tsiku limenelo mpopi wa kwawo unauma, ndiye anawabweretsa kwathu kudzachapa. Ndinawazindikira ndi kayendedwe. Thupi linali litatha, akutsokomola mogwira nthiti. Ndinafuna kubisala kumbuyo kwa ena, koma anandiona kale. Anadzagwada pambali panga ndi malaya awo m'manja.

"Alamu, muli bwanji?"

"Ndili bwino, kaya inu, aphunzitsi?"

"Tilipo. Ndamva kuti kuno kuli katswiri wa nkhani. Akuti wophika wanu amasintha maganizo sabata iliyonse."

Anafinya malaya, anatsokomola, kenako ananena osandiyang'ana.

"Ndinkakuuzani, mizere isanu pa tsiku. Mukanamuwerengera bambo wa magalasi uja tsamba lonse, bwenzi nditatsala kunyumba."

Ananena ngati nthabwala, monga ankachitira ndikaphonya msoko pa kolala yawo. Ndinatsegula pakamwa, koma mawu opepesa sindinazolowere, ndipo anakana kutuluka. M'malo mwake ndinafunsa chinthu chopusa.

"Kodi anathira?"

Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. "Mathero ndidzakuuzani pansi pa masau, osati kuno. Kuno angaonongeke." Msilikali anakuwa kuti a mbali inayo afole. Akudzuka anati, "Mukayamba ndinu kutuluka, mwana wanga uja muzimuwerengera. Kabuku kake ndi ka Chichewa, simuvutika."

Mu Januwale 1987 msilikali amene ndinkamusokera mabatani anandiuza ali pa khomo. "Mphunzitsi wa kwanu uja wapita dzulo. Chifuwa." Anandipatsa malaya ena oti ndisoke, ndipo ndinasoka. Mtembo sunapite kumudzi.

Ananditulutsa mu Julayi chaka chomwecho, Lolemba m'mawa, osandiuza chifukwa, monga sanandiuzenso tsiku lotuluka pamene ankandilowetsa. Wa pa geti anandipatsa lamba wanga n'kunena kuti, "Pita ukasoke. Uyambe ndi pakamwa pako."

Pa Lisungwi ndinapeza khonde lopanda makina ndi sitolo yotseka. Anthu anali atagwirizana kuti amene anapereka aphunzitsi ndi mwini sitolo, poti ankaima pa khomo n'kumamvetsera. Anasiya kugula kwa iye, ana ake ankawagenda, mpaka anasamuka. Anthu anandiuza izi ngati nkhani yonditonthoza. Ndinangomva.

Mlongo wanga anali atachotsedwa m'nyumba ya sukulu, akukhala ku Ligowe kwa azakhali athu. Anandilandira ndi misozi, anandiphikira phala poona mano anga. Patatha masiku atatu, tikutong'ola chimanga, anandifunsa.

"Achimwene, inu munali komweko. Kodi bambo a mwanayu anawatchula ndani?"

Ndinati, "Boma lili ndi makutu ambiri, mlongo."

Sanafunsenso. Anamwalira mu 2009 akundiyesa munthu amene anavutika limodzi ndi mwamuna wake. Ine nkhoswe, amene ndinaima pamaso pa abale n'kulonjeza kuti banja limeneli ndidzaliyang'anira.

Tsiku limene anamanga alamu, apolisi anatenga gawo lachitatu, ndipo mlongo wanga anatentha mabuku ena onse. Kanapulumuka kabuku kamodzi, kamene mwana wawo wamkazi anakabisa m'nkhokwe. Kanali ka Chichewa, ka mbuzi imene inakwera sitima ya pamtunda yopanda tikiti. Mwanayo anali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene ndinabwera, wodziwa kale kuwerenga yekha. Komabe anabwera nako kwa ine.

"Amalume, mundiwerengere. Koma muzisintha mawu ngati ababa."

Ndinawerenga. Mbuzi ndinaipatsa mawu a m'mphuno, kondakitala a pakhosi. Anati ndikukhoza, kungoti ndimathamanga. Ndinamuwerengera kabuku kameneko mpaka kanathothoka, ndipo ndinakasoka, n'kukaveka chikuto cha khaki.

Ufulu unabwera pambuyo pake, wa aliyense. Lero munthu angawerenge za wophika ndi poizoni pakati pa msika, angadule nsalu pamene wafuna. N'zabwino, ndipo wonena kuti kale kunali bwino sanaoneko kumene ndinaona ine. Koma ine geti ija inangotulutsa thupi. Anthu amandipatsa mpando wa kutsogolo pa maliro ndi pa misonkhano, amati awa anazunzika chifukwa cha buku ndipo sanagonje. Ndimakhala pa mpandowo.

Mwana uja lero ndi mayi wa ana anayi, imvi zayamba. Ndiye amandisunga. Anandigulira magalasi, amandibweretsera timabuku ta zithunzi ta ana ake akatopa nato, ndipo ndimawerengabe. Chaka chatha anati, "Amalume, masiku ano mabuku onse ali pa foni. Ndiuzeni mutu wake, tilipeze, mumve mathero." Mutu wake sindiudziwa. Buku linabwera lopanda chikuto, ndipo kufunsa alamu ndinkachita manyazi. Ngakhale ndikanaudziwa, mathero amenewo si oti ndiwamve kwa wina.

Ndiyenso anandipatsa kope lino. Anati, "Lembani za kundende, adzukulu anu adziwe kuti munali olimba mtima." Ndalemba, mwana wa mlongo wanga, koma si zimene unapempha. Amene anapereka bambo ako si mwini sitolo. Ndinawatchula ndine, nditakhala pa mpando, ndikumwa tiyi, chifukwa mtsikana wina anandiseka. Bambo akowo ankadziwa, ndipo anandituma kuti ndizikuwerengera. Kope ili ndikupatsa m'manja Lamlungu tikachoka ku tchalitchi. Uwerenge wekha. Ukafuna kuti ndichoke pakhomo pako ndibwerera ku Dambe, sindidzakangana nawe.

Zimene zinatayika ndi izi. Zaka ziwiri ndi miyezi inayi. Mano awiri. Zala ziwiri za kumanja zimene sizipindikanso. Makina amodzi osokera. Sitolo imodzi ndi mbiri ya mwini wake, amene sanalakwe kanthu. Mabuku a m'nyumba ya mphunzitsi, onse kupatula ka mbuzi. Gawo lachitatu. Mphunzitsi mmodzi wa zaka makumi atatu ndi chimodzi, wopanda manda amene tingawalozere. Mano, zala ndi zaka anatenga ndi a boma. Zinazo ndinapereka ndine.